Kusankha Mota Yamagetsi Yokwezera Njinga Yakapalasa pa Chitunda: Kabuku ka Mabanja a Kumadzulo kwa Nyanja ya Chilwa

Kabuku aka ndi ka mabanja amene njinga ndiyo imawadyetsa: ogula matemba, makumba ndi mlamba padoko la Kachulu, alimi a mpunga a kusikimu ya Likangala, akabaza, ndi amayi amene amatumiza katundu wawo kumsika wa Zomba. Masiku ano kuli zipangizo zomangirira pa njinga yakapalasa imene muli nayo kale kuti iziyendera magetsi. Zimabwera pamodzi: mota, batire, tchaja, kabokosi kowongolera magetsi kamene amati controller, ndi mawaya ake. Ena amazipeza m'masitolo a ku Limbe ndi ku Lilongwe, ena amatumiziridwa ndi abale a ku Joni. Kuyambira pamene mafuta a galimoto anayamba kuvuta, ndiponso kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, anthu ambiri amene ankalakalaka njinga yamoto ayamba kuyang'ana mbali imeneyi.

Ndalama zake si zochepa. Kwa ambiri ndi ngongole ya kubanki m'khonde kapena phindu la mpunga la chaka chathunthu. Ogulitsa amakonda kutchula nambala imodzi, ya ma watt, ngati kuti nkhani yonse yathera pamenepo. Koma pachitunda, njinga itasenza katundu, chimene chimakupulumutsani ndi mota yokhoza kukoka mwamphamvu pamene njinga ikuyenda pang'onopang'ono, osatentha. Mota yotere ndi yosiyana ndi mota yothamanga, ngakhale ma watt olembedwa pabokosi atakhala ofanana.

Msewu wathu ndi wotani

Kunyanja kuno ndi kwa chigwa. Munthu wochokera pa Kachulu amapalasa mtunda wautali pamalo athyathyathya, phiri la Mpyupyu lili pambali, la Zomba lili kutsogolo. Koma nyanja ya Chilwa ili pamamita pafupifupi 627 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, pamene mzinda wa Zomba uli pamamita oposa 900. Ndiye kuti pa makilomita pafupifupi 30 a ulendowu mumakwera mamita pafupifupi 300, ndipo chikweza chenicheni chimakupezani kumapeto, cha ku Matawale ndi polowa m'tauni, miyendo itatopa kale. M'mawa uliwonse mumawaona amuna atatsika panjinga, dzanja lina pahandulo lina likugwira dengu kuti lisapendekeke, malaya atamatirira kumsana, akukankha. Amene amapitirira mpaka kumtunda kwa Mulunguzi kapena ku Ku Chawe ndiye amakumana ndi phiri lenilenilo, limene nsonga yake imapitirira mamita 2,000.

Chigwa nachonso chili ndi zitunda zake zosaoneka. Mchenga wakuya m'chilimwe, matope a makande m'dzinja, ndi mwera wa mu June ndi July umene umakuombani kumaso pobwerera kunyanja, zonsezi zimafuna ku mota chinthu chimodzimodzi chimene chikweza chimafuna: kukoka kwambiri paliwiro lochepa. Choncho ngakhale amene safika ku Zomba kawirikawiri, nkhaniyi ikuwakhudza.

Yezani chitunda chanu ndi katundu wanu musanapite kusitolo

Pitani pamalo pamene mumatsikira njinga n'kuyamba kukankha. Tengani levulo ya chingwe imene alangizi amagwiritsa ntchito podula akalozera, ndodo ziwiri zofanana, ndi chingwe cha mamita 5. Imikani ndodo imodzi kumtunda, ina kumunsi, kokani chingwe mpaka levulo itakhazikika, ndipo yezani kusiyana kwa pamene chingwe chagwira pandodo ziwirizo. Kukakhala masentimita 25, chitundacho ndi cha 5 peresenti. Kukakhala theka la mita, ndi cha 10 peresenti, ndipo chimenecho ndi chikweza chovuta kale kwa njinga yosenza katundu. Chopitirira apo, ngati cha masentimita 75, ndi chija ngakhale wopanda katundu amatsika.

Kenako werengani kulemera konse. Tinene kuti inuyo mumalemera makilogalamu 65, njinga pamodzi ndi mota ndi batire 30, thumba la mpunga 50, ndi zina ndi zina 5. Zonse pamodzi ndi makilogalamu 150. Nambala imeneyi ndi imene tigwiritse ntchito m'kabuku konse. Ngati ndinu wakabaza wonyamula munthu wamkulu ndi chikwama chake, kapena mumamanga matumba awiri, onjezerani.

Kuyendetsa makilogalamu 150 pamsewu wadothi wolimba, pamalo athyathyathya, paliwiro la makilomita 15 pa ola, kumafuna ma watt pafupifupi 120. Pachitunda cha 5 peresenti, mukuyenda makilomita 10 pa ola, pamafunika pafupifupi 260. Pa cha 10 peresenti, ngakhale mutachepetsa liwiro kufika makilomita 8 pa ola, pamafunika pafupifupi 400. Munthu wamphamvu zake amatha kupereka ma watt 80 mpaka 100 kwa nthawi yaitali osapuma. Otsalawo, pafupifupi 300, ayenera kuchokera ku mota, ndipo ayenera kuchokera kumeneko pamene gudumu likuzungulira pang'onopang'ono. Vuto lonse lagona pamenepa.

Chifukwa chake mota imapsa pachitunda

Mota yamagetsi imagwira bwino ntchito ikamazungulira pafupi ndi liwiro limene anaikonzera. Ikabanika, n'kumazungulira mochedwa uku mukuipatsabe magetsi ambiri, gawo lalikulu la magetsiwo limasanduka kutentha m'malo mosanduka mphamvu. Amene anaonapo mota ya chigayo itathiridwa chimanga chambiri nthawi imodzi akudziwa kubuula kwake ndi fungo lija la waya wopserera. Ndi zomwezo zimachitika m'gudumu la njinga.

Mota zambiri zotsika mtengo anazikonzera misika ya ku Ulaya, kumene lamulo limati njinga yamagetsi isapitirire ma watt 250 ndipo mota ileke kuthandiza pa makilomita 25 pa ola. Kumeneko zimanyamula munthu mmodzi pamsewu watala. Mota yokonzedwera makilomita 25 pa ola ikatsika pansi pa theka la liwirolo, cha m'ma 12, uku ikukoka mwamphamvu zake zonse, imayamba kutentha msanga. Chitunda chachifupi cha mphindi ziwiri ipirira. Chikweza cha mphindi khumi ndi zisanu, masana a mu October, ndi thumba la mpunga kumbuyo, chikhoza kuithetsa tsiku lomwelo.

N'chifukwa chake pofunsa wogulitsa musayambire pa ma watt. Funsani nambala yolembedwa ndi zilembo Nm, imene imasonyeza mphamvu yozunguzira gudumu. Pa makilogalamu 150 ndi chitunda cha 10 peresenti, gudumu la mainchesi 28 limafuna ma Nm pafupifupi 60. Miyendo yanu ipereka mwina 12 kapena 15. Mota iyenera kupereka 45 mpaka 50 pagudumu, osati kwa kamphindi koma kufikira chitunda chitatha.

Mota ya mu habu

Iyi imakhala pakati pa gudumu, m'malo mwa habu, ndipo nthawi zambiri imabwera itamangidwa kale ndi masipoko ndi limu lake. Ilipo ya mitundu iwiri, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu.

Mtundu woyamba ndi waukulu ngati mbale yodyera nsima, wolemera makilogalamu 6 kapena 7, wopanda magiya mkati. Nthawi zambiri amaulemba kuti 1000 watt kapena 1500 watt, ndipo nambala imeneyo ndi imene imakopa anthu. Pamsewu watala wathyathyathya umathamanga zedi, ndipo suwonongeka msanga chifukwa mulibe zambiri zoperesana. Koma mota yotereyi imazungulira paliwiro lomwelo la gudumu: gudumu likachedwa, nayonso yachedwa, ndipo imadya batire kwambiri uku ikutentha. Kwa munthu wokwera ndi katundu, kuthamanga sikufika. Ine sindingalangize banja lililonse la kunyanja kuno kugula mtundu umenewu.

Mtundu wachiwiri ndi waung'ono, wolemera makilogalamu 2 ndi theka mpaka 4, ndipo mkati mwake muli timagiya titatu timene timachititsa kuti mota izungulire pafupifupi kasanu pamene gudumu lazungulira kamodzi. Umakoka bwino kuposa woyamba uja paliwiro lochepa, ndipo batire ikatha njinga imapalasika bwinobwino popanda mota kukubwezani. Yaing'ono ya ma watt 250 imapereka ma Nm 30 mpaka 40, omwe ndi okwanira pachigwa ndi pazitunda za 5 peresenti koma operewera pachikweza chathu chija. Yokulirapo, ya ma watt 500, imafika 60 kapena kupitirira. Kufooka kwake kuli pa timagiya tija, chifukwa tambiri ndi tapulasitiki yolimba, ndipo mota ikatentha kwambiri mano ake amafewa n'kuthothoka. Pogula, funsani ngati timagiya tapadera tilipo, ndipo gulani seti imodzi tsiku lomwelo.

Pali nambala inanso imene anthu ambiri saiona, ya rpm, yosonyeza kuti gudumu lizungulira kangati pa mphindi. Mota yamtundu umodzi imatha kubwera ya rpm pafupifupi 200, ya 260, kapena ya 328. Pazitunda sankhani yotsika, ya cha m'ma 200. Ya 328 anaikonzera timagudumu tating'ono ta mainchesi 20. Mukaiika pagudumu lalikulu idzathamanga pachigwa koma pachikweza idzapsa. Pachifukwa chomwechi, gudumu la mainchesi 26 limakwera bwino kuposa la 28 ndi mota yomweyo.

Nanga kutsogolo kapena kumbuyo? Katundu wathu amakhala pakeliyala, ndiye pachitunda gudumu lakutsogolo limapepuka. Mota ikakhala kumeneko, pamsewu wamiyala kapena wamatope tayala limangozungulira osagwira pansi. Yakumbuyo imagwira bwino. Ubwino wa yakutsogolo ndi wakuti sikhudza tcheni kapena buleki ya kumbuyo, ndiye imalowa ngakhale panjinga zija zoimitsa popalasa chambuyo, ngati zambiri za Buffalo. Kulikonse kumene mwaiika, pamafunika kachitsulo kogwira ekiselo kuti isapotokole foloko, kamene amati torque arm. Ngati sikanabwere m'bokosi, wowotcherera akhoza kukudulirani ku chitsulo chokhuthala mamilimita 4 kapena 5. Popanda kachitsulo kameneka ekiselo imatha kukanula foloko, n'kudula mawaya, gudumu n'kuchoka muli paulendo. Pafoloko ya aluminiyamu, makamaka ija yokhala ndi masipuling'i, musaikepo mota n'komwe.

Mota ya pakati

Iyi imalowa pamene pamadutsa ekiselo ya mapedulo, ndipo imakoka tcheni monga mmene miyendo yanu imachitira. Zodziwika kwambiri ndi za kampani ya Bafang ya ku Suzhou m'dziko la China: BBS01 ya ma watt 250 kapena 350 imene amati imapereka ma Nm 80, BBS02 ya 500 kapena 750 imene imafika 100 mpaka 120, ndi BBSHD ya 1000 imene imafika 160. Palinso TSDZ2 ya kampani ya Tongsheng, imene imamva kulemera kwa phazi lanu papedulo n'kuonjezera mphamvu molingana ndi mmene mukupondera.

Pazitunda zazitali iyi ndiyo yabwino koposa, koma pali chinthu chimodzi chimene ogulitsa satchula, ndipo ndikufuna muchimvetse bwino chifukwa ndi pamene mabanja ambiri angataye ndalama. Ma Nm 80 aja ali pamapedulo, osati pagudumu. Amene afike pagudumu amadalira mano a giya yakutsogolo ndi yakumbuyo. Njinga zathu zakale za giya imodzi zimakhala ndi mano 44 kapena kupitirira kutsogolo ndi 18 kapena 20 kumbuyo. Chulukitsani 80 ndi 18, gawani ndi 44: mupeza 33 basi. Ndiye kuti mota ya pakati yodulayo, itaikidwa panjinga ya giya imodzi, ikukoka mongofanana ndi kamota kakang'ono ka mu habu. Koma panjinga ya magiya, yokhala ndi giya yaikulu ya mano 32 kumbuyo, ma Nm 80 omwewo amafika pagudumu ali 58, ndipo 120 a BBS02 amafika pafupifupi 87. Apo mota imazungulira momasuka pamene njinga ikukwera pang'onopang'ono, ndipo sitentha.

Choncho mota ya pakati ndi ya njinga ya magiya. Ngati yanu ndi ya giya imodzi ndipo mtima wanu uli pa mota ya pakati, werengerani limodzi mtengo wa njinga ya magiya yakaunjika ya felemu yachitsulo, kapena wa kusintha gudumu lakumbuyo. Posankha giya yakutsogolo yobwera ndi mota, tengani ya mano ochepa, 44 kapena kutsika apo, osati 48 kapena 52.

Ili ndi zovuta zakenso. Mphamvu yonse imadutsa mutcheni, ndiye tcheni ndi mano a magiya zimatha msanga, makamaka m'fumbi ndi mchenga wa kwathu kuno. Posintha giya muyenera kuleka kaye kupalasa mwamphamvu kuti mota ipume, apo ayi tcheni imaduka. Tcheni ikaduka njinga yaima, pamene ya mu habu ikhoza kukufikitsani kunyumba. Mota ya pakati imalendeweranso m'munsi mwa felemu, pafupi ndi miyala ndi madzi. Ndipo zambiri sizigwirizana ndi buleki yopalasa chambuyo: mukaiika, mapedulo amangozungulira chambuyo osagwira kanthu, n'kutsala opanda buleki yakumbuyo. Ilipo mitundu yapadera yokonzedwera buleki imeneyo, koma muyenera kuitchula pogula.

Nanga banja lisankhe iti

Ngati maulendo anu ambiri ndi a m'chigwa, pakati pa doko, sikimu, chigayo ndi misika ngati Jali, ndipo ku Zomba mumapita mwa apo ndi apo, mota ya mu habu ya magiya, ya ma watt 350 mpaka 500, ya rpm yotsika, ikukwanirani. Ndi yotsikirapo mtengo, siivuta kumanga, ndipo mmisiri wa njinga wa pamsika akhoza kuisamala. Pachikweza chachikulu muziithandiza ndi miyendo, ndipo pamene pavutitsitsa tsikani n'kuyenda pambali mota ikukoka pang'onopang'ono; zambiri zili ndi batani loyendetsera njinga paliwiro la munthu woyenda pansi.

Ngati mumakwera ku Zomba ndi katundu masiku ambiri pa sabata, kapena mumafika kuphiri, gulani mota ya pakati ya ma watt 500 kapena 750 ndi kuiika panjinga ya magiya. Ya 1000 ndi yamphamvu kuposa zimene tcheni, masipoko ndi mabuleki a njinga zathu angapirire, ndipo musanaganize zogula yaikulu chotero kafunseni ku ofesi ya Road Traffic ngati singawerengedwe ngati njinga yamoto.

Palinso mabanja amene ndingawauze kuti adikire kaye. Ngati kwanu kulibe potchajira podalirika, kapena ngongoleyo idzafuna kuti mugulitse mbewu yosungira, yambani ndi zotsika mtengo. Kusintha giya yakumbuyo ya mano 18 n'kuika ya 22 kumapeputsa chitunda moonekeratu, ndipo mtengo wake ndi waung'ono poyerekeza ndi wa mota.

Kodi ilowa panjinga yanu

Tengani njinga yeniyeniyo popita kogula, kapena muyeze ndi tepi ndi kulemba papepala. Mota ya mu habu yakutsogolo imafuna mpata wa mamilimita 100 pakati pa miyendo ya foloko. Yakumbuyo imafuna 135. Njinga zakale za giya imodzi zimakhala zopapatiza kuposa apo kumbuyo. Felemu yachitsulo mmisiri waluso akhoza kuikanula pang'ono, koma ya aluminiyamu imasweka. Mota ya pakati imafuna kuti chibowo cha ekiselo ya mapedulo chikhale cha mamilimita 68 mpaka 73 m'litali.

Chenjerani ndi nambala 28. Tayala la njinga zathu zakale, lolembedwa 28 x 1½, limakhala pa limu la mamilimita 635. Gudumu la mainchesi 28 limene limabwera ndi mota zambiri ndi la mamilimita 622. Dzina ndi limodzi koma tayala lanu silingalowepo, ndipo mabuleki a ndodo aja sangagwire limu limenelo chifukwa amakoka chakumunsi kwa limu pamene latsopanolo linapangidwira mabuleki ogwira m'mbali. Yang'anani pambali pa tayala, nambala 635 kapena 622 imalembedwa pamenepo. Njira yake ndi kumasula mota ija n'kuimanganso pa limu lanu ndi masipoko aafupi okhuthala, odulidwa pa muyezo wake. Onetsetsani kuti mabowo a limu ndi a mota ndi ofanana kuchuluka. Mota zambiri zili ndi 36.

Batire ndi kutchaja

Batire ndiyo imadya pafupifupi theka la ndalama zonse, ndiponso ndi pamene chinyengo chimachuluka. Kuti mudziwe kukula kwake, chulukitsani ma volt ndi ma Ah. Ya 36 volt ndi 10 Ah ili ndi ma Wh 360. Ya 48 volt ndi 13 Ah ili ndi 624.

Kukweza makilogalamu 150 pa mamita 300 kumadya ma Wh pafupifupi 170 tikawerengera ndi otayika m'kutentha. Kuyenda makilomita 30 pamsewu wadothi ndi katundu, uku mukupalasa, kumadya ena 250 mpaka 350. Ulendo wopita wokha ukhoza kudya 450 kapena 500. Pobwerera ndi kotsetsereka ndipo dengu lapepuka, koma pamafunikabe kanthu, makamaka nthawi ya mwera. Batire ya 360 ikutherani musanafike pa chikweza chimene munaigulira. Pa ulendo wa Kachulu ndi Zomba yang'anani ya 600 kupita m'mwamba, ndipo ngati n'kotheka tchajani m'tauni pamene mukugulitsa. Kumbukiraninso kuti batire imachepa mphamvu ikamakalamba.

Ikwezeni m'manja. Batire ya lithium ya 48 volt ndi 13 Ah imalemera makilogalamu 3 ndi theka kapena 4. Ikakhala yopepuka kwambiri koma yolembedwa 20 Ah kapena 30 Ah, zolembedwazo ndi zabodza. Mabatire a asidi ngati a njinga yamoto kapena a sola ndi otsika mtengo, koma atatu okwanira ma volt 36 amalemera makilogalamu oposa 10 ndipo amafa msanga mukamawatheratu tsiku ndi tsiku. Batire muimange pakati pa felemu, osati pakeliyala: pamenepo ndi pa katundu, ndipo kulemera kukachuluka kumbuyo gudumu lakutsogolo limadzuka pachitunda.

Tchaja ya batire ya 36 volt imatulutsa ma volt 42, ya batire ya 48 imatulutsa 54.6. Musasinthanitse, ngakhale mapulagi atafanana. Tchaja wamba ya ma amp 2 imatenga maola 6 kapena 7 kudzaza batire ya 13 Ah. Kumene kuli magetsi a ESCOM, gwirizanani mtengo ndi mwini wake poyera; batire ya ma Wh 624 imadya osakwana yuniti imodzi. Pa sola, panelo ya ma watt 100 imapereka ma Wh 350 mpaka 450 patsiku la dzuwa labwino, ndiye pamafunika ya 200 kupita m'mwamba, pamodzi ndi inveta ndi batire yake, kapena controller yapadera yokwezera ma volt kufika pa muyezo wa batire yanu. Kasola ka nyale ndi foni sikangathe. Panelo musailumikize mwachindunji ku batire ya njinga.

Moto wa batire ya lithium ndi woopsa, suzima msanga, ndipo nyumba zambiri kwathu kuno ndi zofolera ndi udzu. Tchajani masana, pamthunzi, pansi pasimenti kapena padothi, kutali ndi denga, maukonde ndi mafuta, wina ali pafupi. Osatchaja m'chipinda chogona ana, osatchaja pakhomo lotulukira, osatchaja batire ikadali yotentha ndi ulendo. Batire yotupa, yogwa mwamphamvu, yonunkha kapena yolowa madzi ichotseni m'nyumba ndipo musaitchajenso.

Madzi, matope ndi mabuleki

Mvula wamba mota zambiri zimapirira, koma kumira ayi. Tonse tikukumbukira mmene misewu ya kunyanja inakhalira namondwe wa Freddy atadutsa mu March 2023, ndipo ngakhale dzinja wamba limasiya malo oti muwoloke madzi a m'mawondo. Madzi akafika pa habu kapena pa mapedulo, chotsani batire, inyamuleni paphewa, ndipo njinga muinyamule. Popita ku Chisi pa bwato, batire ikhale m'pepala lapulasitiki, pamiyendo panu. Madzi a Chilwa ali ndi kamchere, makamaka nyanja ikaphwera, ndipo amadya zolumikizira mawaya. Zipakeni girisi pang'ono ndi kuzikulunga ndi chidutswa cha chubu chakale. Waya wotuluka mu ekiselo uyambe waloza pansi usanakwere ku felemu, kuti madzi azidontha m'malo molowa mu mota. Matope a makande akauma pa mota amatsekereza kutentha. Apaleni ndi kamtengo ndi kupukuta ndi nsalu yonyowa, osathira madzi ndi ndowa.

Chitunda chimene mwakwera mudzatsika nacho. Mota ndi batire zaonjezera makilogalamu 8 kapena 10, liwiro lakwera, ndipo mabuleki a ndodo pa limu lachitsulo lonyowa amagwira mochedwa kwambiri. Musanamange mota, konzani mabuleki onse awiri ndi kuika mphira zatsopano. Zogwirira mabuleki zobwera ndi mota zili ndi kawaya kozimitsa mota mukangogwira buleki. Ngati sizikulowa pahandulo yanu, funsani timasensa tomata timene timagwira ntchito yomweyo. Kuponda tayala ndi nsapato kapena kukoka nthambi kumbuyo sikungaimitse njinga yamagetsi yosenza makilogalamu 150.

Kuyesa musanamalize kulipira

Ngati wogulitsa ali pafupi, gwirizanani kuti gawo lomaliza la ndalama mulipira mutayesa. Mangani katundu amene mumanyamula masiku onse, pitani pachitunda chimene munayeza chija masana dzuwa lili pamutu, ndipo kwerani mukupalasa monga mwa nthawi zonse. Mukafika pamwamba, ikani chikhatho pa mota. Kufunda ndi kwabwinobwino. Ngati simungathe kusiya dzanja pamenepo mpaka kuwerenga kufika 5, mota imeneyo ndi yaing'ono pa ntchito yanu kapena giya ndi yolemera. Gwiraninso controller ndi zolumikizira mawaya a batire. Yang'anani chizindikiro cha batire: ngati chimagwa kwambiri pokwera kenako n'kubwerera mukaima, kapena mota ikuzima yokha pakati pa chitunda, batireyo ndi yofooka kapena yaing'ono kuposa zolembedwa.

Funsani kuti controller imalola ma amp angati. Ya 15 pa ma volt 36 imapereka ma watt 540 ikafika pamapeto. Ya 20 pa ma volt 48 imapereka 960. Batire iyenera kukhala yokhoza kupereka ma amp amenewo mosalekeza. Lembetsani pa lisiti dzina la mota, ma volt, ma Ah ndi miyezi ya chitsimikizo.

Pa milungu iwiri yoyamba masipoko a gudumu la mota amamasuka, ndiye pitani nalo kwa mmisiri akalimbitse lisanapindike. Manati a ekiselo ndi a mota ya pakati muziwayesa ndi sipanala Loweruka lililonse. Tcheni ipukuteni ndi kuithira oilo pang'ono mukayenda m'fumbi kapena m'matope, ndipo muziyenda ndi kachidutswa kolumikizira tcheni m'thumba. Ponyamuka, makamaka pachitunda, yambani ndi miyendo ndi giya yopepuka, mota ilandirire njinga itayamba kale kuyenda. Nthawi yotseka nyanja, kapena nthawi ina iliyonse imene njinga ikhale milungu ingapo osayenda, chotsani batire ili ndi magetsi pafupifupi theka, muisunge pamalo ozizira ndi ouma pomwe makoswe sangafike pa mawaya, ndipo muziyang'ana kamodzi pamwezi kuti isatheretu.